Imvi Zomwe Rukaya Sankaziyembekezera

Kuzizira kwa ku Lichinga m'mwezi wa Juni sikuchita nthabwala. Kumaumitsa zala mpaka munthu kulephera kumanga mfundo yolimba. N'chifukwa chake m'mawa wina, pa paraji pokwerera machapa, timabasi ta kumeneko, mfundo ya pa kapulana, chitenje cha Rukaya, inamasuka yokha.

Mapiritsi onse mbwee pansi!

Rukaya anali mtsikana wosoka zovala wa ku Chiuaula, dera la mu Lichinga momwemo. Tsikulo ankachokera kuchipatala, kumene ankapita mwezi uliwonse kukatenga mankhwala a matenda a maganizo. Nkhani imeneyi ankaibisa ngakhale kwa anzake apamtima, koma taonani lero, inali pafumbi pamaso pa tauni yonse.

Mnyamata wina yemwe anali atangotsika chapa cha ku Meponda anatula thumba lake la usipa, n'kugwada.

"Musavutike, mana, mlongo wanga, nditola ndine."

Anatola limodzilimodzi, akuuzira fumbi. Sanafunse kuti ndi mankhwala a chiyani. Koma atadzutsa mutu kuti apereke, anangoti kukamwa yasa.

"Subhanallah! Nkhope yanuyi ndinaionapo."

Rukaya anaseka ngakhale anali ndi manyazi.

"Kodi anyamata a ku Meponda mukadali pa nyimbo yakaleyi? Kuno kumtunda tinaisiya kale."

"Ayi, ndikunena zoona. Kwathu kuli mayi wina, mukufanana nawo zoopsa."

"Ndiye mwandifananitsa ndi mayi wachikulire? Mwayamba bwino, achimwene!"

Mnyamatayo anadzikanda m'mutu. Dzina lake anali Idrisse. Ankakwera ndi usipa wouma kuchokera kunyanja kudzagulitsa kumsika waukulu, ndipo pa nkhani yolankhula ndi atsikana anali mbuli yotheratu. Komabe nambala ya foni anapita nayo. Mmene anaipezera, ngakhale mwini wakeyo sankamvetsa.

M'mawa mwake foni ya Rukaya inalira.

"Bom dia, duwa la kumtunda. Kuno kunyanja kwacha kotentha, koma ine ndikumva kuzizira kwa ku Lichinga, chifukwa mtima ndinausiya pa paraji."

"Bwerani mudzautenge," anayankha Rukaya. "Ukununkha usipa, anthu akudandaula."

Chikondi chinayambira pomwepo, ndipo chinakula msanga. "Inu" anasanduka "iwe". Loweruka lililonse Idrisse akagulitsa nsomba zake ankapita pakhonde pomwe Rukaya ankasokera, n'kumanamizira kuti batani lathothoka. Mabatani a mnyamata ameneyu ankathothoka modabwitsa, moti ena ankaoneka kuti achita kudulidwa ndi mpeni.

Tsiku lina Rukaya anaimitsa makina.

"Idrisse, mapiritsi aja sunandifunsepo."

"Ndimadikira kuti undiuze wekha, amor."

"Ndimadwala maganizo. Nthawi zina kumandidera mumtima, ngakhale kunja kuli dzuwa. Sindidya, sindilankhula, makinawa ndimangowayang'ana. Mankhwala aja ndi amene amandigwira dzanja."

Idrisse anati, "Ndiye dzanja linalo ndigwira ndine."

Abale, mtsikana wake uti akanapirira mawu otere? Rukaya analira, koma misozi yake inali yotsekemera. Pasanapite nthawi Idrisse anamuuza kuti mjomba wake, mlongo wa mayi ake, akonzeka kukwera ku Lichinga kudzaonana ndi a kwawo kwa mtsikanayo.

"Ndikulonjeza, wapamtima wanga," anatero, "mvula isanagwe tidzakhala titamanga nika, ukwati wathu wa Chisilamu. Ndidzakalamba nawe."

Mawu akuti kukalambawo anamulasa Rukaya penapake, chifukwa panali chinthu chimodzi chimene sanamuuze.

Mayi ake, a Awetu, anadzipha iye ali wamng'ono. Bambo ake anamutenga n'kumusiya m'manja mwa mlongo wawo, azakhali a Nafissa, ndipo patapita zaka nawonso anamwalira ndi matenda. Azakhaliwo anamulera ndi chikondi chenicheni, koma ndi mantha ochuluka. Akangomuona wakhala duu, ankayamba.

"Kuchikazi kwanu kuli mdima, mwanawe. Agogo ako anapita choncho, mayi ako choncho. Mtundu wonse unatha, watsala ndiwe."

Motero Rukaya anakula akudziwa kuti akazi a magazi ake safika pa imvi. Akasokera agogo a eni ake mabulauzi ankawasirira makwinya, ngati mmene atsikana ena amasirira ndolo zagolide.

Tsiku la konsulita yotsatira, lokaonana ndi namwino, anapeza alendo kuchipatala. Dona Catarina, namwino yemwe ankamuona mwezi ndi mwezi, anafotokozera odwala onse kuti alendowo ndi ofufuza.

"Akupempha malovu pang'ono chabe, kwa amene akufuna. Palibe wokakamizidwa. M'malovumo muli tizinthu tosaoneka ndi maso timene aliyense amatengera kwa makolo ake. Akufuna kumvetsa chifukwa chake m'mabanja ena anthu odwala maganizo amafika podzipha kawirikawiri kuposa m'mabanja ena."

Rukaya anayang'ana kabotolo kakang'ono komwe anamupatsa, thupi lonse n'kuchita tsemwe. Zoona m'kadontho kameneka muli mayi ake? Muli agogo ake omwe sanawaonepo, ndi ena a kale omwe mayina awo anaiwalika? Ha, Mulungu ndi wamkulu! Anagoma, koma kugomako kunabwera ndi mantha.

Atatsala awiri m'chipinda, anafunsa motsitsa mawu.

"Dona Catarina, ndiye kuti zimayendadi m'magazi?"

"Mbali ina, inde. Munthu angatengere kufooka kwina, monga ena amatengera shuga. Koma tizinthuto n'tambirimbiri, ndipo palibe kamodzi kolamula kuti uyu adzachita chakuti. Zimene munthu wakumana nazo, anthu omuzungulira, mankhwala, zonsezi zimalowapo. Wandimva, filha, mwana wanga?"

"Ndamva."

Sanamve. Khutu lake linatola "inde" yekhayo, zinazo zinatsalira pakhomo la chipatala.

Loweruka Idrisse anafika akumwetulira, atanyamula kapulana yatsopano yobiriwira. Anapeza makina ataphimbidwa.

"Auze a mjomba ako asavutike kukwera," anatero Rukaya, maso ali pansi.

"Bwanji? Ndalakwa chiyani, duwa langa?"

"Sunalakwe. Ndine amene ndinakubisira. Mayi anga sanamwalire ndi malungo, Idrisse. Anadzipha. Agogo anga chimodzimodzi. Ngakhale kuchipatala avomereza kuti zimayenda m'magazi. Ukufuna udzatsale ndi ana amasiye? Ukufuna mwana wako wamkazi adzatengere zimenezi kwa ine?"

"Rukaya, iwe si mayi ako."

"Si mayi anga? Taona!"

Anatulutsa chithunzi chakale m'kabati ya makina, chokhacho chimene anali nacho. Panali mayi wachitsikana atavala mpango woyera, kachipsera kobadwa nako kali pansi pa diso lamanzere, mano akutsogolo ali ndi kampata.

"Taona nkhopeyo. Ndine ndemwe. Pamene iwo anathera, inenso ndidzathera pomwepo."

Idrisse analandira chithunzicho. Anachiyandikitsa kumaso, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikitsanso.

"Awa ndi mayi ako?" anafunsa pomaliza.

"Eya."

"Ndipo unati abale awo onse anatha?"

"Onse."

Anajambula chithunzicho ndi foni yake, n'kuimirira ngati munthu woti waona mzukwa masana.

"Ndiyenera kutsika ku Meponda. Pompano."

Anapita osatsanzika bwino, kapulana yobiriwira ija n'kuiiwala pa benchi.

Rukaya ndi amene anathetsa chibwenzi, inde. Koma pansi pa mtima ankayembekezera kuti mnyamatayo akana, alimbalimba, mwina alira. Kodi "ndidzakalamba nawe" uja anali wopepuka chonchi? Chithunzi chimodzi chokha, munthu liwiro la kunyanja?

Madzulo kunabwera uthenga waufupi: "Ndidikire, amor. Sindingakuuze kanthu panopa."

Rukaya sanayankhe. Loweruka linadutsa, pakhonde osaoneka munthu wa batani lothothoka. Linanso linadutsa. Mauthenga ankabwera apo ndi apo, onse a mawu omwewo, "ndidikire", mpaka anasiya kuwatsegula.

"Ndinakuuza," anatero azakhali a Nafissa, akumusisita pamsana. "Amuna akamva za mtundu wanu amathawa. Khala ndi ine, mwanangu, ndikusunga."

Mdima uja unayamba kubwerera. Chakudya chinasiya kukoma, ndipo maganizo oipa anayamba kumunong'oneza kuti azakhali akunena zoona. Koma Rukaya anachita chimene anaphunzitsidwa. Sanadikire tsiku la konsulita. Anavala juzi, n'kupita kwa Dona Catarina.

"Zayambanso," anatero. "Ndikuopa."

"Wachita bwino kubwera. Khala apa, tikambirane."

Anakambirana nthawi yaitali. Anamusinthira mankhwala pang'ono, namuuza kuti azibwera sabata iliyonse kufikira mtambowo utadutsa, ndipo anaitanitsa azakhali kuti awauze zoyenera kuyang'anira. Rukaya anabwerera ku makina ake. Mtima unali wosweka, koma ankasoka.

Linali Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, anthu akutuluka ku mzikiti. Rukaya anali ataweramira mpendero wa siketi pamene mthunzi unagwa pa nsaluyo.

"Salaam aleikum."

Mawuwo anali a Idrisse. Rukaya sanadzutse mutu.

"Ngati wabwerera kapulana yako, ili m'katimo."

"Sindinabwere ndekha."

Apo ndiye anayang'ana. Phazi linachoka pa chopondera, makina n'kuima okha.

Kumbuyo kwa Idrisse kunaima mayi wovala mpango woyera. Pansi pa diso lamanzere panali kachipsera. Atayesa kumwetulira, kampata ka mano kanaonekera. Inali nkhope ya pachithunzi ija, yonse yathunthu, koma yokhala ndi makwinya m'mbali mwa maso, ndipo m'mphepete mwa mpangowo munkasuzumira tsitsi loyera.

Dziko linangoti zii. Rukaya sankamvanso njinga zamoto pamsewu, kapena ana osewera kuseri. Kodi akufa amabwerera? Kodi kumanda anthu amakalambako?

"Amayi?" Mawuwo anatuluka ngati a kamwana.

Mayiyo anagwada pafumbi pomwepo, misozi ili chuchuchu.

"Ndine mayi ako, koma si amene anakubereka. Ndine Assia. Ine ndi Awetu tinabadwa tsiku limodzi, mimba imodzi. Ngakhale bambo athu ankatisokoneza."

"Mapasa?" Rukaya anatembenukira kukhomo, kumene azakhali a Nafissa anali ataima, lichero la nyemba lili m'manja. "Azakhali, munati onse anatha!"

Lichero linapendekeka, nyemba n'kumagwa pansi osazitola.

"Usawakalipire kwambiri," anatero Che Assia. "Mantha anali a tonse. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi tili atsikana. Awetu anabwerera kuno ndi bambo ako, ine ndinatsalira komweko. Atamwalira, akuluakulu anandiletsa kubwera kumaliro. Anati mapasa mmodzi akapita, wotsalayo asaone manda, angamukoke. Kenako a kuchimuna anatumiza mawu akuti nkhope yangayi isadzaonekere kwa mwana, ingamuitanire komwe kunapita mayi ake. Ndinamvera, mwanangu. Nditabwerera ku Meponda ndinakhala chete zaka zonsezi, ndikuyanika usipa, phiri lokhali pakati pathu. Ndinkaganiza kuti ndikukuteteza."

"Mayiwa anandithamangitsa ngati mbuzi yolowa m'munda," anatero Idrisse. "Ndikapita ndi chithunzi, ankatseka chitseko. Sindinafune kukuuza, amor, kuopa kukupatsa chiyembekezo kenako iwo n'kukana. Ndinkabwerera tsiku ndi tsiku, mpaka nsomba zanga zinayamba nkhungu."

"Chinandigonjetsa n'chimodzi," anatero mayiwo. "Mnyamatayu anandiuza kuti mwana wa Awetu akukana banja chifukwa akuti magazi athu sakalamba. Ndinati ayi, bodza limeneli ndikalithetse ndekha."

Rukaya anapukusa mutu, akulirabe.

"Koma inu simunadwale. Inu munapulumuka chifukwa mdimawo unakulambalalani."

Che Assia anagwira ngodya ya kapulana yawo, n'kuyamba kumasula mfundo pang'onopang'ono. M'katimo munali kapepala, ndipo m'kapepalamo munali mapiritsi.

Rukaya anagwira pakamwa. Anali ofanana ndi ake.

"Mdimawo unandipeza, mwanangu, ndipo kangapo konse. Awetu atapita, inenso ndinafika pamphepete penipeni. Kusiyana kwake n'kwakuti ine anandiona msanga. Mnansi wanga sanandisiye ndekha, anandikokera kuchipatala ndikukana. M'bale wanga anadwalira kuno nkhondo itangotha kumene, mankhwala kulibe, anthu akumuuza kuti alimbe mtima basi. Sanali wofooka kuposa ine. Anasowa womugwira."

Apa m'pamene mawu a Dona Catarina, aja anatsalira pakhomo la chipatala, anamupeza Rukaya. Anthu awiri a magazi amodzi, nkhope imodzi, matenda amodzi, koma mmodzi ali apa akupuma, akununkhira utsi wa nsomba ndi sopo! Anagoma, ndipo ulendo uno kugomako kunalibe mantha.

"Masiku oipa amabwerabe?" anafunsa.

"Amabwera, sindikunamiza. Koma amapitanso. Ndili ndi ana, ndili ndi zidzukulu zosamva ngati anyani. Wina mwa ana anga amamwa mankhwala ngati ife, enawo sadziwa n'komwe kuti mutu umawawa bwanji."

Rukaya anatsika pampando n'kugwada moyang'anizana nawo.

"Amayi, ndingaone tsitsi lanu?"

Pempho lachilendo limenelo, pakhonde, masana! Idrisse anatembenuka mwaulemu n'kuyang'ana kumsewu. Che Assia anakankhira mpango kumbuyo pang'ono.

Imvi zinali mbuu, mutu wonse.

Rukaya anazikhudza ndi nsonga za zala, mmene amakhudzira nsalu yodula ya mwini wake. Anatsitsa zalazo pa makwinya a pachipumi, n'kufika pa kachipsera kaja. Moyo wake wonse akadziyang'ana pagalasi ankaona mayi wakufa ali mtsikana. Lero anali kuona nkhope yake yomwe itakalamba, ndipo inali yokongola kwabasi.

"Ndiye ndidzaoneka chonchi," ananong'ona.

"Inshallah. Mwinanso kuposa apa, chifukwa iwe dzuwa la kunyanja silikuwotcha."

Anaseka onse awiri, misozi ikugwera m'kamwa. Azakhali a Nafissa anatula lichero, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mkeka watsopano, uja amasungira alendo olemekezeka, ndipo anauyala pamapazi a Che Assia ndi manja awiri.

"Pepani," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndinkaopa kumutaya."

"Mwamusunga bwino," anayankha Che Assia. "Tsopano timusunge tonse."

Idrisse anali akadayang'anabe kumsewu, khosi litauma.

"Kodi nditembenuke, kapena ndikhale chonchi mpaka mvula?"

"Tembenuka, wa usipa iwe," anatero Rukaya, akupukuta m'maso. "Unandizunza, ukudziwa? Ndinkayesa wathawa. Ndinadwala nazo."

Nkhope ya Idrisse inagwa.

"Ndinalakwa, duwa langa. Ndinkayesa ndikukuteteza, osadziwa kuti ndikuchita zomwe anachita akuluakuluwa. Sindidzakusiyanso mumdima, ngakhale nkhani ikhale yovuta bwanji."

"Ndipo masiku oipa akadzabwera?"

"Ndidzakuperekeza kwa Dona Catarina ndekha. Ana athu tidzawauza zoona, kuti akadzamva kulemera mumtima adzanene msanga."

Rukaya analowa m'nyumba. Atatuluka anali atamanga kapulana yobiriwira ija m'chiuno, mfundo yake yolimba bwino.

"Auze a mjomba ako akwere," anatero. "Koma uwauze kuti kuchikazi kuli mayi, ndipo mawu oyamba akhala awo."

Idrisse anaponya chipewa m'mwamba, chinakagwera padenga la oyandikana nawo, iye osasamala n'komwe.

"Lonjezo lija likadalipo?" anafunsa Rukaya. "Lija la kukalamba?"

"Likadalipo, wapamtima wanga."

Rukaya anayang'ananso mutu woyera wa Che Assia, kenako anagwira tsitsi lake lakuda bii.

"Ndiye imvi yanga yoyamba ikadzatuluka, usadzaizule, Idrisse. Ndikufuna ndidzaione."